Lamba Wobiriwira wa Mnzanga

Karate anafika kwathu m'sutikesi ya malata. Eni sutikesiyo anali bambo ena aafupi a m'mudzi woyandikana ndi wathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, amene anakhala zaka zambiri ku Halale ndipo masewerawa anawaphunzira komweko. Atabwerera kumudzi anasonkhanitsa ife anyamata amene sukulu inatikana, n'kuyamba kutiphunzitsa kuponya chibakera ndi kutchinga. Tinkawatchula kuti aphunzitsi, ngakhale kuti choko anali asanachigwirepo chibadwire.

Tinkakumana m'mawa Loweruka lililonse m'kati mwa mitengo ya paini, pamalo pamene anthu ocheka matabwa anasiya poyera. Amene sanakhaleko kumapiri a Dedza m'miyezi yozizira asandiuze za kuzizira. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kudzaza nkhalango yonse, mwakuti munthu woima kumapeto kwa mzere unkangomumva kupuma osamuona. Tinkaima opanda nsapato pamasamba a paini onyowa, zala za kumapazi zitachita dzanzi, aphunzitsi akuyendayenda kumbuyo kwathu ndi kamtengo kowongolera miyendo.

Mayunifolomu anatisokera telala wa ku Linthipe, ndipo anasoka ndi bafuta chifukwa ndiye nsalu yoyera imene inalipo. Tsiku limene ndinayanika yanga pachingwe, amayi anga anaima pakhomo n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Iwe, nsalu imeneyi timakulungira maliro," anatero. "Wayamba kudzikonzekeretsa ukadali moyo?"

Ine ndinaseka. Koma amayi ena otola nkhuni sanaseke tsiku limene anatulukira pabwalo lathu mwadzidzidzi, n'kupeza anthu oyera mbee atandanda m'nkhungu, akukankha mphepo ndi manja popanda woyankhula. Anataya mitolo n'kuliyatsa liwiro. Nkhani ya mizukwa ya m'mapaini inatenga nthawi kuti izime m'midzi.

Lamba woyera aliyense anali ndi wake, wa bafuta yemweyo. Koma malamba amitundu analipo okhawo amene anabwera m'sutikesi muja, mtundu uliwonse mmodzi: wachikasu, wobiriwira, wakhofi, ndi wakuda amene ankavala aphunzitsi eni ake. Choncho anaika lamulo. Munthu akakhoza mayeso n'kukwera, ankamasula lamba wake pamaso pa onse n'kumumanga ndi manja ake m'chiuno mwa womutsatira. Kukwera kwako kunkadikira kukwera kwa amene ali patsogolo pako. Ine ndinali ndi wachikasu. Wobiriwira anali m'chiuno mwa mnzanga.

Mnzangayo tinakulira m'mudzi umodzi, ndipo tinayenda limodzi wapansi mpaka ku Bembeke kukalandira Ulimbitso, mapazi atatupa ngati maungu. Iye anali wamtali, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo nthawi imeneyo unali woipirapo. Ananditsogolera pa zonse: kumera ndevu, kukwatira, ngakhale kulandira lamba. Aphunzitsi akatiika awiriawiri moyang'anizana, wina kuponya wina kutchinga, wanga nthawi zonse anali iyeyo. Ndikaponya chibakera cha kumanja, fupa la mkono wake linkandipeza pamalo amodzimodzi, pamwamba pang'ono pa pamene anthu amavala wotchi, ndipo pankatupa sabata yonse. Sindinamulasepo ngakhale kamodzi.

"Umaponya ndi mkwiyo, n'chifukwa chake ndimakuona usanayambe," ankatero akuseka. Ine ndinkamuyankha mawu amene sindingawalembe pano.

Tinapangana kuti tikakolola chimanga tidzayesedwa tsiku limodzi, iye kukwera ku wakhofi amene anali akadali m'sutikesi, ine kulandira wobiriwira m'manja mwake. Chimanga chisanaume, anapita kumsika wa ku Linthipe ndi thumba la kachewere panjinga. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani ofunsa makhadi. Khadi lake anali ataliiwala m'malaya ena. Mmodzi wa anyamatawo anakweza dzanja kuti amuwaze mbama, ndipo mkono wa mnzanga unanyamuka wokha monga unkachitira Loweruka lililonse. Sanamenye munthu, anangotchinga. Koma mnyamata uja anagwira dzanja lake n'kukhala pansi m'matope, ndipo amayi ogulitsa tomato anaphulika ndi phwete. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chimene chinamutengetsa mnzanga ndi kuseka kumeneko. Patapita masiku ochepa landirova inaima kumapeto kwa njira ya kumudzi kwa mkazi wake, kumene ankakhala chikamwini. Anamutenga masana anthu akuona, matope a kumunda ali kumapazi.

Kuyambira tsikulo dzina lake linasowa m'kamwa mwa anthu. Achibale ake ukawafunsa ankangoti anayenda, maso ali pansi. M'tchalitchi sanamutchule pakati pa odwala kapena pakati pa omwalira. Anyamata ambiri anasiya kubwera kunkhalango, ndipo sindinawadzudzule. Ife otsala sitinaletsedwe kusewera, chifukwa mwana wa atcheya a chipani a m'dera lathu anali mmodzi wa ife, ndipo karate anali atamulowa m'magazi. Koma kukhalapo kwake kunachititsa kuti ngakhale pabwalo pathu dzina lija lisamatchulidwe. Sindikudziwa ngati ankakanena kanthu kwa bambo ake. Tinkangomuopa, iyenso n'kumadziwa kuti tikumuopa.

Aphunzitsi anasiya malo a mnzanga mumzere opanda munthu. Wina watsopano atayesa kuimapo, anamusuntha ndi kamtengo kaja osanena chifukwa. Nthawi ya awiriawiri itakwana ine ndinatsala ndekha, ndipo ndinawayang'ana.

"Ponya," anatero.

"Ndiponyere ndani?"

"Ukuyang'ana ine bwanji? Yang'ana kutsogolo kwako. Ponya."

Ndinaponya m'nkhungu. Poyamba ndinkachita mokwiya, ndikuona ngati mkuluyu akundiyesa chidzete pamaso pa ana. Koma masabata atapita thupi linakumbukira lokha msinkhu wa mnzanga. Ndinkakweza chibakera kufika pamene panali chibwano chake, ndipo nthawi yake yoponya ikafika ndinkabwerera m'mbuyo n'kutchinga. Anzanga anasiya kundiyang'ana. Amene ankaima pafupi nane anayamba kulambalala malo aja akamadutsa, ngati pali munthu amene sakufuna kumuponda.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni nkhungu inachindikala kuposa masiku onse. Ndinaponya cha kumanja, ndipo mkono wanga unaima panjira. Sindinauimitse ndine. Panalibe phokoso, panalibe chooneka, koma chinthu cholimba chinaukankhira pambali monga mwa kale. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinacheuka kuti ndione ngati wina waona, koma onse anali kalikiliki ndi anzawo. Posamba masana a tsikulo ndinapeza pamkono patatupa, pamalo paja.

Ine ndine Mkatolika wobadwira m'chikatolika, ndipo ndinadziuza kuti ndinadzigunda ndi mpini wa khasu. Koma zinabweranso. Sizinkachitika sabata iliyonse, zinkadikira nkhungu yochindikala, ya mtundu umene umanyowetsa nsidze. Ndinkachita mantha, sindikubisa. Komabe ndinkalawirira kunkhalango kuposa wina aliyense, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditamasulira nkhaniyi mondikomera: kwinakwake mnzanga ali moyo, akukumbukira tsiku lathu, ndipo m'chipinda chimene anamutsekera akuimirira n'kumatchinga.

Aphunzitsi anaona chotupacho tsiku lina ndikupinda mkono wa yunifolomu. Anandigwira dzanja, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anandisiya. Pomaliza masewera, pamene tinkaweramirana monga mwa mwambo wake, iwo anatembenuka n'kuweramira malo opanda munthu aja. Nkhope yawo sinandisangalatse. Inali nkhope imene amuna amavala akakhala panja pa nyumba ya siwa.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Anyamata a malamba oyera amene anali kumbuyo kwanga anayamba kung'ung'udza, chifukwa ine ndisanakwere palibe akanalawa wachikasu. Aphunzitsi ananditengera pambali.

"Wakhwima iwe. Ndikufuna ndikuyese."

"Lamba wobiriwira ali ndi mwini wake, aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Tikhoza kukamupempha kwa mkazi wake."

Pamenepo moto unandikwera. Ndinawauza kuti lamulo anaika okha, palibe anawakakamiza, ndipo ngati ukalamba wayamba kuwaiwalitsa ine ndiwakumbutsa. Mwini lamba adzabwera, adzandimanga ndi manja ake. Ndinayankhula mokweza kwa munthu wamkulu, iwo n'kungondiyang'ana mpaka mawu anandithera. Onse awiri tinkadziwa chimene ndinkakana. Kwathu zovala za munthu wamoyo sizigawidwa. Zimagawidwa za womwalira, maliro atatha, anthu atameta, zovalazo zitachapidwa. Kulandira lamba uja kuchokera m'manja ena kunali kuvomera kuti mnzanga wafa, ndipo sindinkafuna kukhala woyamba kumuthira dothi.

Amene anabwera kwa ine anali mkazi wake. Anandipeza kudimba ndikuthirira kabichi, mwana ali kumbuyo, kamtolo ka nsalu kali pamutu. Anali ataonda mpaka mafupa a pakhosi kuonekera. Anakhala pansi chapatali, tinapatsana moni, ndipo anadikira kuti nditsitse kheni.

"Alamu, kunyumba kunabwera munthu," anatero. "Sindimudziwa. Woonda, mano a kutsogolo mulibe. Anapempha madzi akumwa. Atamwa anayang'ana mwanayu n'kunena kuti bambo ake ankagona nawo chipinda chimodzi. Akuti anatisiya kalekale, m'mwezi wa Juni, chaka chomwe chija anawatenga. Anandiuza kuti ndisamadikire, basi n'kumapita. Dzina lake sananene, ngakhale mudzi wake."

Atatchula mwezi uja mkono wanga unazizira kuyambira kuphewa. Koma pakamwa panga panatuluka ukali.

"Munthu wopempha madzi panjira ndiye mwamukhulupirira, alamu? Bwanji ngati anatumidwa kuti adzakuyeseni? Mawa abwera wina wopempha moto, adzakuuzani kuti ali ku Joni, mudzakhulupiriranso?"

Anandilola kulalata mpaka ndinatopa. Kenako anayankhula motsitsa, akuyang'ana madzi a m'ngalande.

"Anatchula chipsera cha pamsana pawo, alamu, chimene anthu a kunja sangachidziwe. Ndinapita kwa amalume awo, anandiuza kuti iwo sanamve kanthu, ndipo inenso sindinamve. Misa palibe, kumeta palibe, wondisudzula palibe. Zovala zawo ndachapa ndekha kumtsinje. Malaya ndinapita nawo kwa achimwene awo, abweza. Nsapato ndinapita nazo kwa asuweni awo, ananditsekera chitseko. Aliyense akuopa kuti landirova idzalondola chovalacho. Ine panopa si mkazi wa munthu, sindinenso wamasiye. Kulira sindingalire, oyandikana nawo amva n'kufunsa kuti wafa ndani. Ndikungofuna munthu mmodzi alandire chinthu chawo chimodzi, kuti ndisakhale ndekha wodziwa."

Anamasula kamtolo kaja. Lamba anali pamwamba, atapindidwa bwinobwino, atasuluka ndi sopo. Sindinamukhudze. Manja anga ndinawabisa kumbuyo ngati mwana wokana mankhwala.

"Loweruka ndibweretsa lambayu kunkhalango," anatero akumanganso mtolo. "Mukakana sindidzakuvutaninso."

Ndinakawauza aphunzitsi zonse. Anamvetsera akusenda chinangwa, ndipo yankho lawo linali lakuti Loweruka ndi mayeso, ndibwere nditachapa yunifolomu.

M'mawa wa tsikulo nkhungu inali yoti ngakhale nsonga za mitengo sizinkaoneka. Madontho ankagwa kuchokera m'nthambi ngakhale kunalibe mvula. Tinali ochepa. Titandanda ndinaona chinthu chakuda chitaima pakati pa mitengo kumapeto kwa bwalo, ndipo mtima unadumpha, koma anali mlamu wanga atafunda chitenje, mwana ali kumbuyo. Anyamata anamuona, n'kuyang'anizana, kenako onse anayang'ana mwana wa atcheya. Iye anangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

Aphunzitsi anandiitanira patsogolo. Anandiyesa kaimidwe, mateche, ndi mayendedwe aja oloweza amene munthu amamenyana ndi adani omuzungulira osaoneka. Ndinachita zonse popanda kuphonya, koma maganizo anga sanali pamenepo. Ndinkadikira gawo la awiriawiri. Ndinali nditadziuza kuti mnzanga akanditchinga lero, ndikana lambayo pamaso pa onse, munthu wa madzi akumwa uja anene zake.

Ndinaima moyang'anizana ndi malo ake. Ndinawerama. Aphunzitsi anati ponya, ndipo ndinaponya cha kumanja ndi mphamvu zonse zimene ndinali nazo, ndi mkwiyo wonse, kuti andione ndisanayambe monga ankanenera. Chibakera chinadutsa. Chinapitirira pamene panali chibwano chake, thupi langa n'kuchitsatira, mpaka ndinadzandira n'kugwada pamasamba onyowa. Ndinadzuka n'kuponyanso, n'kuponyanso. Panalibe kanthu, mpweya wozizira basi. Zaka zonse zija ndinkalakalaka kumulasa kamodzi kokha, ndipo tsiku limene mkono wanga unadutsa ndinamva ngati andichotsa m'mimba monse. Anali atandipatsa njira. Ndinadziwa pamenepo kuti sadzabwera.

"Wakhoza," anatero aphunzitsi. Mawu awo anali osasa. "Masula wachikasu."

Wonditsatira pa mzere wa malamba anali mwana wa atcheya yemwe uja. Ndinamumanga lamba m'chiuno monga mwa lamulo, ndipo pomanga mfundo ndinamva mimba yake ikunjenjemera pansi pa bafuta. Sitinayang'anizane.

Ndinatsala chilili, malaya a yunifolomu ali pululu. Aphunzitsi anakodola mlamu wanga. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo, ndipo anakaima pamalo pa mwamuna wake penipeni, pamene palibe munthu anapondapo kuyambira tsiku la landirova. Kamtengo ka aphunzitsi sikanasunthe. Anagwada, n'kukweza lamba ndi manja awiri. Sizikanatheka kuti mkazi wa mwini andigwire m'chiuno, choncho anangodikira, mikono ili m'mwamba.

Ndinalandira ndi manja awiri. Lambayo anali wofewa, wonunkhira sopo ndi utsi wa m'nyumba, ndipo pamene mnzanga ankamanga mfundo panali popindika pamene madzi analephera kuwongola. Ndinadzimanga ndekha. Mfundo yanga inagwera pena, chifukwa iye anali wochepa m'chiuno kuposa ine.

Nditangokoka mfundoyo, mlamu wanga anatulutsa mawu. Anayamba pansipansi ngati munthu wobuula ndi malungo, kenako anakwera, n'kusanduka kulira kwa maliro kwenikweni, kuja kumene kumadutsa zigwa n'kuimitsa anthu m'minda. Mwana kumbuyo anadzidzimuka n'kuyamba nayenso. Tonse tinauma. Mudzi unali pafupi kumunsi kwa phiri, ndipo kulira kotero kukamveka anthu amasiya makasu n'kuthamangira komweko kudzafunsa kuti wafa ndani. Funso limenelo likanatitengetsa tonse, kuyambira mayi wolirayo. Ndinaona aphunzitsi akuyang'ana mwana wa atcheya, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mantha pankhope pawo.

Mnyamatayo anasuntha phazi kutsogolo, lamba wachikasu ali m'chiuno, n'kuponya chibakera akukuwa. Kunali kukuwa kumene timakuwa pa chibakera chomaliza, kochokera m'mimba, kumene midzi yonse yozungulira inali itakuzolowera kale ngati phokoso la Loweruka. Anaponyanso n'kukuwanso, mokweza kuposa poyamba. Aphunzitsi anamvetsa msanga. Anakweza kamtengo n'kuyamba kutiwerengera, ndipo tonse tinalowa mumzere, kuponya ndi kukuwa, kuponya ndi kukuwa, osapumira, kuti kumudzi amve anyamata a karate okha.

Pansi pa phokoso lathu mayi uja analira mwamuna wake. Anagubuduka pamasamba onyowa, anamuitana dzina lake, lija limene linali litasowa m'kamwa mwa anthu, n'kumufunsa kuti wamusiyira ndani mwanayu. Ine ndinali pafupi ndipo ndinkamva mawu alionse. Ndinakuwa mpaka kummero kunayamba kulawa magazi, misozi ndi mamina zikuyenderera pabafuta, ndipo sindinachite nazo manyazi. Mikono inalema, mawu anasasa, koma palibe anasiya mpaka iye atasiya.

Atatonthola anakhala tsonga kanthawi. Anapukuta nkhope ndi chitenje, anasasa masamba a paini m'tsitsi la mwana, n'kumuberekanso bwino. Ife tinali chiimire, tikupuma movutikira, nthunzi ikufuka m'misana mwathu. Kenako anagwada moyang'ana mzere wathu n'kuwomba m'manja mofatsa, monga amachitira anamfedwa anthu akamabalalika kuchokera kumanda.

"Zikomo nonse," anatero. "Mwasiya ntchito zanu kudzandithandiza kuika amuna anga. Muyende bwino."

Tinayankha motsitsa mawu monga amayankhira anthu pamaliro, mwana wa atcheya nayenso, ndipo palibe anasuntha mpaka iye atalowa m'mitengo.